Mmene mungadziwire ngati muli oyenera kufunsira fellowship ya epidemiology ya CSTE ku America

Mwezi wa Okutobala ukangofika, mauthenga amayamba kubwera pa foni yanga, ndipo funso limakhala lomwelo chaka ndi chaka: kodi ndi maphunziro amene ndili nawowa ndingafunsire Applied Epidemiology Fellowship ya bungwe la CSTE? Ena mwa ofunsawo ndi Amalawi ndi abale athu a ku Zambia amene akumaliza digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu, yotchedwa MPH, m'mayunivesite a ku America, ena anaphunzira ku London kapena ku Johannesburg, ndipo ena ali pa ntchito m'maofesi a zaumoyo a m'maboma ku Malawi, pulogalamuyi anangoiona pa intaneti. Ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi, nthawi zina pakati pa usiku, mpaka ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lonse pamalo amodzi kuti aliyense azidziyesa yekha asanayambe kupempha makalata kwa aphunzitsi ake.

Oona mafomu sayamba ndi kuwerenga mbiri ya ntchito yanu. Amayamba ndi mapepala atatu: umboni wa unzika, digiri, ndi transcript, kutanthauza chikalata cha ku yunivesite chosonyeza kosi iliyonse imene munaphunzira ndi magiredi ake. Amene wapelewera pa limodzi mwa mapepala amenewa fomu yake imathera pomwepo, ngakhale atakhala kuti anagwira ntchito pa mliri wa kolera chaka chathunthu. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti mutsatire masitepe awa monga ndawaikira, osadumpha.

1. Dziwani kaye chimene mukufunsira

Epidemiology ndi sayansi yofufuza mmene matenda amakhalira ndi kufalikira pakati pa anthu: akudwala ndi ndani, ali kuti, anayamba liti, ndipo n'chifukwa chiyani akudwala iwo osati anzawo. Mawu akuti applied akutanthauza kugwiritsa ntchito sayansi imeneyi mu ofesi ya boma, kumene yankho limafunika sabata yomweyo chifukwa anthu akudwalabe. Fellowship si sikolashipi. Simupita kukakhala m'kalasi ndipo simutulukako ndi digiri ina. Ndi maphunziro a pa ntchito a zaka 2, amene mumatumizidwa ku ofesi ya zaumoyo ya chigawo, ya mzinda kapena ya dera, mukulandira ndalama zodzisamalira, ndipo mumakhala m'manja mwa alangizi awiri amene amayang'anira ntchito yanu.

CSTE ndi chidule cha Council of State and Territorial Epidemiologists, bungwe la akatswiri a epidemiology ogwira ntchito m'zigawo za United States, lomwe likulu lake lili ku Atlanta. Pulogalamuyi inayamba mu 2003 ndi thandizo la CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, motengera chitsanzo cha Epidemic Intelligence Service, imene ambiri amangoitcha EIS, yomwe Alexander Langmuir anaikhazikitsa ku CDC mu 1951. Chifukwa chimene inayambira n'chofunika kuchimvetsa, pakuti zofunika zonse zikuchokera pamenepo. Ku America udindo waukulu wa zaumoyo wa anthu uli m'manja mwa zigawo 50 zimene amazitcha state. Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake onena matenda amene madokotala ndi malabotale ayenera kuperekera lipoti, ndipo CDC imalandira ziwerengero kuchokera ku zigawozo. Maofesi a m'zigawo ndiwo amasowa anthu, ndipo pulogalamuyi inapangidwa kuti iwaphunzitsire antchito amene adzakhazikika komweko.

Anthu ambiri amasokoneza pulogalamuyi ndi EIS. EIS imatenga makamaka madokotala a anthu, madokotala a ziweto, anthu a PhD, ndi akatswiri ena a zachipatala monga anamwino amene ali ndi digiri yowonjezera ya zaumoyo wa anthu. Munthu amene ali ndi MPH yokha khomo lake ndi CSTE. Musawerenge zofunika za pulogalamu ina n'kumadzaza fomu ya inzake.

2. Onani nkhani ya unzika musanachite china chilichonse

Ili ndi khomo limene limatsekera ambiri a ife, ndipo ndaliika patsogolo chifukwa silisunthika ndi khama kapena magiredi. Pa mndandanda wa zofunika, CSTE yakhala ikulemba unzika wa United States. Wophunzira amene ali pa viza ya F-1 sakwanira, ngakhale digiri yake ichokere ku yunivesite yotchuka chotani. Chilolezo cha OPT, chimene chimalola wophunzira wakunja kugwira ntchito miyezi 12 atamaliza sukulu, sichisintha kanthu, chifukwa ndi chilolezo cha ntchito chabe. Amene muli ndi green card, kumbukirani kuti chimenecho ndi chiphaso chokhalira m'dzikomo kwamuyaya koma si unzika. Werengani mawu enieni amene alembedwa pa tsamba la pulogalamu la chaka chimene mukufunsiracho, ndipo ngati atchula nzika zokha, musadziphatikizemo nokha.

Mwa lamulo la ku America, munthu wa green card amatha kufunsira unzika patapita zaka 5, kapena zaka 3 ngati ali pa banja ndi nzika ya dzikolo. Ena amazengereza poopa kutaya unzika wa kwawo, koma Nyumba ya Malamulo ya Malawi inasintha lamulo mu Disembala 2018 n'kulola unzika wa maiko awiri, ndipo Zambia inachita chimodzimodzi posintha malamulo ake aakulu mu 2016. Ngati pempho lanu la unzika lili m'njira, lemberani oyendetsa pulogalamu muwafunse tsiku limene unzikawo uyenera kukhala utatuluka, pakuti kufunsira unzika n'kosiyana ndi kulumbira.

Chenjezo limodzi ndilinene mosabisa. Musayerekeze kuchonga bokosi lakuti ndinu nzika pamene simuli, poganiza kuti mudzalongosola pa intavyu. Kunama za unzika wa United States ndi mlandu waukulu pa malamulo olowera m'dzikomo, ndipo kungathe kukutsekerani green card ndi unzika womwewo kwa moyo wanu wonse.

Ngati pano mwapelewera, pitani pa sitepe 7. Ngati mwadutsa, pitirirani.

3. Tsimikizani kuti digiri yanu ili pa mlingo woyenera

Pulogalamuyi imafuna digiri yachiwiri kapena yoposerapo: MPH, MSPH, MS ya epidemiology kapena ina yofanana nazo, PhD ya epidemiology, ya biostatistics (masamu osanthula ziwerengero za zaumoyo) kapena ya gawo lina la zaumoyo wa anthu, ndiponso digiri ya udokotala wa anthu kapena wa ziweto. Digiri yoyamba, kaya ndi ya zaumoyo wa chilengedwe, ya unamwino kapena ya labotale, siikwanira payokha, ngakhale mwini wake atagwira ntchito zaka khumi. Dipuloma kapena satifiketi yotengedwa pambuyo pa digiri yoyamba nayonso si digiri yachiwiri. Amene muli m'chaka chomaliza cha MPH mungathe kufunsira musanamalize, malinga ngati digiriyo idzakhala itatha pofika nthawi yoyamba fellowship.

Amene digiri yanu munaitenga kunja kwa America, monga ku Kamuzu University of Health Sciences, ku University of Zambia, ku Wits kapena ku Britain, lemberani oyendetsa pulogalamu msanga muwafunse mmene akufunira kuti muipereke. Njira yodziwika ku America ndi yopereka mapepala ku bungwe loyerekeza madigiri, monga World Education Services kapena lina la m'gulu la NACES. Mabungwewa amatulutsa malipoti a mitundu iwiri. Lina limangonena kuti digiri yanu ikufanana ndi digiri yakutiyakuti ya ku America, pamene lina limalemba kosi iliyonse payokha pamodzi ndi mlingo wake. Lachiwirili ndi lodulirapo, koma ndi limene lingakuthandizeni pa sitepe yotsatira. Kawirikawiri mabungwewa amafuna kuti transcript ichokere ku yunivesite mwachindunji osadutsa m'manja mwanu, ndipo ntchito imeneyi imatha kutenga masabata ambiri, choncho isasiyidwe mpaka Disembala pamene maofesi ayamba kutseka.

4. Werengani makosi a pa transcript yanu imodzi ndi imodzi

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene anthu amene anadutsa bwino unzika ndi digiri amagwera mosayembekezera, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo ndi mzere umodzi. M'zaka zaposachedwapa chofunika chakhala makosi osachepera 4 a epidemiology a mlingo wa digiri yachiwiri, ndi kosi 1 ya biostatistics ya mlingo womwewo. Dzina la digiri silikupulumutsani pano. Munthu angakhale ndi MPH yonse bwinobwino koma pa transcript pake pali kosi imodzi yokha ya epidemiology, chifukwa anasankha nthambi ya utsogoleri wa zaumoyo, ya kaphunzitsidwe ka anthu kapena ya zaumoyo wa maiko onse. Nayenso dokotala sadutsa chifukwa cha udokotala wake. Maphunziro a zaumoyo wa m'madera amene mumachita m'zaka za digiri ya udokotala ya MBBS ndi mbali ya digiri yomweyo, ndipo musawadalire kuti alowe m'malo mwa makosi amenewa.

Tengani transcript, pepala ndi cholembera, ndipo mugawe makosi anu m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la makosi amene palibe angawatsutse, chifukwa mawu akuti epidemiology ali m'dzina lawo ndipo anaphunzitsidwa ndi dipatimenti ya epidemiology. Amenewa ndi monga makosi a njira zofufuzira, amene nthawi zambiri amalembedwa Epidemiologic Methods I ndi II, komanso makosi a epidemiology ya matenda opatsirana, ya matenda okhalitsa, ya khansa, ya chilengedwe, ya ngozi za pa ntchito, kapena ya amayi ndi ana. Pofunika kusamala ndi pa kosi yoyambirira imene wophunzira aliyense wa MPH amaphunzira. Chofunikachi chakhala chikulembedwa ndi mawu akuti advanced, kutanthauza makosi opitirira poyambira, choncho ine ndimalangiza kuti muwerenge ngati kuti kosi yoyambirirayo palibe. Ngati popanda iyo mukukwanabe 4, mtima ukhale pansi. Ngati mukukwana 4 pokhapokha itawerengedwa, funsani ndipo musunge yankho lolembedwa.

Gulu lachiwiri ndi la makosi amene musawawerengere n'komwe. M'menemo muli makosi a ndondomeko za zaumoyo, a kayendetsedwe ka zipatala, a chuma cha zaumoyo, a kusintha khalidwe la anthu, ndi a kalondolondo wa mapulojekiti amene ambiri timawatcha M&E. Onsewa ndi maphunziro abwino, koma si epidemiology. M'gulu lomweli ikanimo masatifiketi a misonkhano ndi a maphunziro afupiafupi. Ndikudziwa kuti ambiri amene anagwirapo ntchito ku Malawi ali ndi envulopu yodzaza ndi masatifiketi a maphunziro a sabata imodzi a ku Mponela kapena ku Salima, ndipo zimene anaphunzira kumeneko n'zenizeni, koma sizili pa transcript ya yunivesite. Chimodzimodzi makosi a pa Coursera amene alibe ma credit a yunivesite (mapointi amene amawerengedwa pa digiri), ngakhalenso satifiketi ya miyezi itatu ya FETP, maphunziro a pa ntchito amene ndawafotokoza pa sitepe 7. Zonsezi malo ake ndi pa CV.

Gulu lachitatu ndi lovuta, pakuti ndi la makosi amene m'kati mwake ndi epidemiology koma dzina lawo silinena choncho, kapena amene asakaniza zinthu ziwiri. Vutoli lakula chifukwa mu 2016 bungwe la CEPH, limene limavomereza masukulu a zaumoyo wa anthu ku America, linasintha miyezo yake, ndipo masukulu ambiri anaphatikiza epidemiology ndi biostatistics m'kosi imodzi yokhala ndi dzina losatchula chilichonse mwa ziwirizi. Amene munaphunzira ku Britain muli ndi vuto lofanana nalo, chifukwa kumeneko maphunziro amagawidwa m'zigawo zimene amazitcha module, ndipo zina ndi zazifupi kuposa kosi ya ku America. Ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, mwachitsanzo, kuli module yotchedwa Statistical Methods in Epidemiology. Wina angaiwerenge ngati epidemiology, wina ngati biostatistics, ndipo aliyense angakhale ndi mfundo yake, koma inu musaiwerenge kawiri. Sankhani mbali imodzi, ndipo mbali inayo ikhale ndi kosi yakeyake. M'gulu lomweli muli makosi a kalondolondo wa matenda amene amawatcha surveillance, a kufufuza miliri, a mapangidwe a kafukufuku, a clinical trials, ndi a kusanthula ziwerengero za matenda ndi mapu. Ma credit a thesis, a practicum (kuphunzira pogwira ntchito) ndi a semina ya sabata ndi sabata musawadalire, ngakhale mutu wa thesis yanu unali wa epidemiology yeniyeni, chifukwa pa transcript saoneka ngati kosi yophunzitsidwa.

Pa kosi iliyonse ya gulu lachitatu, pezani syllabus yake, chikalata chija chimene mphunzitsi amapereka tsiku loyamba chosonyeza mitu ya sabata iliyonse, mabuku ndi mayeso. Muyang'ane ngati mitu yambiri ili ya miyezo ya matenda monga incidence ndi prevalence, ya mitundu ya kafukufuku monga cohort ndi case-control, ya zinthu zopotoza zotsatira monga bias ndi confounding, kapena ya kayesedwe ka anthu ambiri pofuna kupeza matenda msanga. Ngati ili yotero, muli ndi pogwira. Lembani imelo yaifupi kwa oyendetsa pulogalamu, muikemo dzina la kosi, nambala yake, dipatimenti imene inaphunzitsa, chiwerengero cha ma credit, ndi syllabus yomweyo, kenako mufunse funso limodzi lomveka: kodi kosi imeneyi iwerengedwa ngati ya epidemiology? Musatumize transcript yonse n'kunena kuti aone okha. Amene munamaliza sukulu kalekale ndipo syllabus inatayika, pemphani ku ofesi ya dipatimenti yanu ya chaka chimene munaphunzira, osati ya chaka chino, chifukwa makosi amasintha ngakhale dzina lisasinthe.

Nanga mukapeza kuti muli ndi makosi 3? Ngati mukadali pa sukulu, vutoli lingathe kukonzeka, ndipo n'chifukwa chake ndimauza ophunzira a chaka choyamba cha MPH kuti awerenge zimenezi asanasankhe makosi a chaka chachiwiri. Sinthani kosi imodzi yosankha ikhale ya epidemiology, ndipo mufunse ngati kosi imene mudzakhala mukuphunzirabe pa tsiku lotsekera mafomu idzawerengedwa, ndiponso umboni umene akufuna wosonyeza kuti munalembetsa. Ngati munamaliza kale, mayunivesite ambiri a ku America amalola munthu kulembetsa kosi imodzi ya mlingo wa digiri yachiwiri popanda kulowa digiri yonse, ndipo ena amaphunzitsa pa intaneti. Chofunika n'chakuti kosiyo ikhale ndi ma credit, ikhale ndi giredi, ndipo itulutse transcript yakeyake. Kuchedwa chaka chimodzi n'kufunsira muli ndi makosi okwanira n'kwabwino kuposa kutaya makalata atatu a aphunzitsi anu pa fomu imene siidzawerengedwa.

5. Dzifunseni ngati mukufunadi kukhazikika pa ntchito ya chigawo kapena ya dera

Chofunika china chimene chimalembedwa pa mndandanda ndi chikhumbo chogwira ntchito kwa nthawi yaitali pa mlingo wa chigawo kapena wa dera. Ambiri amachiona ngati mawu ongodzazira malo, koma ndi chimene kalata yanu yodzifotokoza iyenera kuyankha. Ndawerengapo makalata a abale athu amene ndime yomaliza imanena kuti cholinga chawo n'kukagwira ntchito ku World Health Organization ku Geneva kapena kubwerera kwawo kukathandiza unduna. Zolinga zimenezi n'zabwino ndipo ndimazilemekeza, koma zikuuza owerenga kuti munthu amene akumuphunzitsa adzachoka, pomwe pulogalamuyi inakhazikitsidwa kuti maofesi a m'zigawo apeze anthu okhalitsa. Sindikunena kuti muname. Ngati mtima wanu uli kumudzi, pali mapulogalamu ena amene anapangidwira zimenezo. Muyeneranso kukhala okonzeka kusamuka, chifukwa malo amene akulandira ophunzira chaka chimenecho angakhale kutali ndi kumene banja lanu lili.

Ngati mukufunadi ntchitoyi ndipo munagwirapo ntchito ku Malawi kapena ku Zambia, musabise zimenezo, koma muzifotokoze m'njira yoti munthu wa ku ofesi ya zaumoyo ya ku America azimve. Iye sadziwa kuti HSA ndi ndani, ndipo mwina IDSR, njira yathu yolondolera matenda ndi kutumiza malipoti ake, sanaimvepo. Muuzeni chimene munachita ndi manja anu. Ngati pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 munkalemba mndandanda wa odwala mmodzimmodzi, kuwerengera kuti pa anthu 1,000 a mudzi uliwonse adwala angati, kujambula chithunzi chosonyeza kukwera ndi kutsika kwa odwala tsiku ndi tsiku, kapena kulondola chitsime chimene odwala ambiri ankatungako madzi, lembani choncho. Ngati munkafufuza chifukwa chimene malipoti a zipatala zina ankachedwera kulowa mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta yosonkhanitsira malipoti a zaumoyo, imeneyo ndi ntchito yofanana ndi imene wophunzira wa CSTE amayenera kuchita, pakuti m'zaka ziwirizo amayembekezeka kuunika njira imodzi yolondolera matenda, kutenga nawo mbali pa kufufuza mliri, ndi kumaliza pulojekiti yaikulu yosanthula ziwerengero. Malangizo a CDC a mu 2001 ounikira njira zimenezi amatchula zinthu monga kufulumira kwa malipoti, kulondola kwa zolembedwamo, ndi ngati njirayo ikugwira odwala onse amene alipo. Tchulaninso mapulogalamu a pa kompyuta amene mumatha kugwiritsa ntchito panokha, kaya ndi SAS, R, Stata kapena Epi Info, ndipo musalembe imene munangoiona m'kalasi kamodzi.

6. Konzani makalata ndi nthawi

Mudzafunika CV, ma transcript, kalata yodzifotokoza, ndi makalata atatu ochokera kwa anthu okuikirani umboni. Mwa atatuwo, pakhale mphunzitsi amene anakuphunzitsani epidemiology kapena biostatistics, ndi munthu amene anakuyang'anirani pa ntchito yeniyeni ya ziwerengero. Kwathu tinazolowera kupempha kalata kwa munthu wa udindo waukulu, ndipo kalatayo imabwera ya mizere isanu yonena kuti ndinu wakhalidwe labwino ndi wakhama. Kalata yothandiza pano ndi ya munthu amene angatchule pulojekiti imene munachita, vuto limene munakumana nalo m'ziwerengerozo, ndi mmene munalithetsera, ngakhale udindo wake ukhale waung'ono. Muwapemphe kutatsala mwezi umodzi kapena kuposerapo, ndipo muwatumizire CV yanu ndi kufotokoza kwa pulogalamuyi.

Kawirikawiri mafomu amatsegulidwa chakumapeto kwa chaka n'kutsekedwa mu Januwale, osankhidwa amachita intavyu m'miyezi yotsatira, kenako amalumikizidwa ndi maofesi amene akulandira ophunzira, ndipo ntchito imayamba chapakati pa chaka. Masiku enieni muwatenge pa tsamba la CSTE la chaka chimenecho, osati kwa mnzanu amene anafunsira zaka zitatu zapitazo.

7. Ngati khomo ili lakutsekerani, yang'anani makomo a kwanu

Ambiri mwa amene amandifunsa amathera pa sitepe 2, ndipo sindifuna kuti achoke akuganiza kuti maphunziro a mtundu umenewu ali ku America kokha. Chitsanzo cha EIS chinafalikira m'maiko ambiri m'dzina la Field Epidemiology Training Programme, mwachidule FETP. Canada inayamba yake mu 1975, Thailand mu 1980, Zimbabwe mu 1993, South Africa mu 2006, ndipo Zambia mu 2014. Ku Malawi maphunziro a mlingo woyamba anayamba mu 2016 pansi pa Public Health Institute of Malawi, imene ili mu Unduna wa Zaumoyo. Mapulogalamu a ku Africa amalumikizana kudzera m'bungwe la AFENET, limene likulu lake lili ku Kampala.

FETP ili ndi milingo itatu. Woyamba, umene amautcha Frontline, umatenga pafupifupi miyezi 3 ndipo ndi wa antchito a m'maboma amene amasonkhanitsa ndi kutumiza malipoti a matenda. Wachiwiri, Intermediate, umatenga pafupifupi miyezi 9. Wachitatu, Advanced, ndi wa zaka 2, ndipo m'maiko ambiri umathera ndi digiri yachiwiri, chinthu chimene fellowship ya CSTE sipereka. Kayenerezedwe kake n'kosiyana ndi ka ku America, chifukwa ku Africa chimene chimayang'anidwa kwambiri ndi ntchito imene muli pa nthawiyo, ndipo pa milingo iwiri yoyamba ophunzira nthawi zambiri amasankhidwa kudzera kwa akuluakulu awo a pa ntchito. Choncho munthu woyamba kulankhula naye ndi woyang'anira IDSR pa boma lanu ndi mkulu wa zaumoyo wa bomalo, ndipo muwauze msanga kuti mukufuna dzina lanu liganiziridwe gulu lotsatira likamasankhidwa.

Amene muli kale ndi digiri yachiwiri, yang'anani African Epidemic Service ya bungwe la Africa CDC, yomwe ndi ya zaka 2 ndipo ndi ya nzika za maiko a African Union. Amene mukukhala ku Britain, kumeneko kuli FETP ya zaka 2 imene imayendetsedwa ndi UK Health Security Agency. Amene muli ku America pa OPT, kulephera kulowa fellowship sikutanthauza kuti simungafunsire ntchito wamba ya epidemiology m'maofesi a zaumoyo a m'zigawo ndi m'mizinda, pakuti ofesi iliyonse ili ndi malamulo ake pa kalembedwe ka anthu akunja, ndipo mafunso awiri oyamba ofunsa ofesi yolemba antchito ndi akuti kodi amalandira munthu wa OPT, ndipo kodi angathandize pa viza ya ntchito chilolezocho chikatha. Pa pulogalamu iliyonse mwa imeneyi, bwererani pa sitepe 2, 3 ndi 4 ndi mndandanda wa zofunika wa pulogalamuyo m'manja, ndipo gawani makosi anu m'magulu atatu aja musanapemphe kalata kwa aliyense.